Kupirira Sikubisa Bala: Tikambe za Uphungu M'mwezi wa Ramadhan



Zaka zingapo zapitazo, m'mwezi ngati uno, ndinkaima mzere umodzi pa Tarawehe ndi bambo wina wa okala pa msika wina kuno kumadzulo kwa Lilongwe. Dzina lake ndi mzikiti wake ndisunga. Iye ndiye ankayamba kufika, ndiyenso ankatsalira ife tonse titatuluka. Nthawi ya daku isanakwane amakhala atabwerera kale, ali pakona ndi tasbihi m'manja. Ana athu tinkawalozera bamboyu kuti aone munthu wodziwa kugwira Ramadhan.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti ankathawa tulo. Chaka cham'mbuyo mwake anachita ngozi ya minibasi pa msewu wa Mchinji akuchokera kukaoda katundu m'tauni. Iye anangonyuka apa ndi apo, koma munthu amene anakhala naye mpando umodzi anamwalirira pamiyendo pake. Mabala a pathupi anapola m'masabata ochepa. Koma akangotseka maso ngozi ija inkabwerera yonse, phokoso lake ndi fungo lake lomwe. Anasiya kukwera galimoto, ndiye katundu mu okala anayamba kuchepa. Kunyumba mwana akagwetsa mbale, iye ankadzambatuka n'kumukalipira mpaka mwanayo kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lina titamaliza futari anandinong'oneza kuti, "Achimwene, mutu wangawu sukundipatsa mtendere." Ine ndinamugwira paphewa n'kunena kuti, "Pangani sabr, achimwene, chulukitsani duwa." Anagwedeza mutu, ndipo sanaiyambitsenso nkhaniyo kwa miyezi yambiri. Mawu angawo anali oona, koma ndinawanena kuti nkhani ithe msanga.

Ndiye ndikulemba lero kuti ndikonze cholakwa changacho. Maganizo anga ndi awa: munthu wamkulu amene wavulala mumtima ndi zoopsa zimene anaona, kapena amene nkhawa yamulanda tulo ndi mphamvu, ayenera kufikitsidwa kwa anthu amene anaphunzira ntchito ya uphungu ndi yachipatala, monga timachitira ndi wothyoka mwendo. Duwa ipitirire, Qur'an iwerengedwe, ndipo chithandizo chifunidwe. Zitatuzi sizilimbana.

ZIMENE AKULUAKULU A KUNO ASENZA

Ramadhan ya zaka zino ikugwa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, nthawi yowawa kwambiri pa chaka cha mlimi. Chimanga chakale chatha, chatsopano sichinakhwime. Fodya ali m'zigafa, okushoni ya ku Kanengo sinatsegulidwe, koma ngongole ya feteleza, ya banki m'khonde kapena ya katapila ikubereka tsiku ndi tsiku. Ambiri a ife ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma timadyera geni ya pa msika: butchala, utelala, kabaza, kugula ndi kugulitsa mbewu. Mlimi akasowa ndalama, wa geni amasowa naye. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Manambala amenewa amakathera m'mutu mwa bambo kapena mayi amene wagona chagada usiku akuwerengera fizi ya ana.

Pamwamba pa umphawi pali zoopsa zimene dera lino linaona ndi maso. Pa 8 Okutobala 2019 wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi gulu la anthu pa Msundwe, pa nthawi ya zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha chaka chimenecho. Zitatero, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anadandaula kuti apolisi anawagwiririra ndi kuwachita nkhanza. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kupeza kuti nkhanzazo zinachitikadi, ndipo mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu, pamaso pa Jaji Kenyatta Nyirenda, linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukutamisozi. Chigamulocho chinali chofunika. Koma khoti limalamula ndalama basi. Silingalamule kuti mayi apeze tulo akamva kugogoda pachitseko usiku, kapena kuti banja la wapolisi uja lisiye kuona m'maganizo momwe m'bale wawo anafera.

Onjezanipo amene anaika abale awo mothamanga nthawi ya Covid-19 ndi ya kolera ya 2022 ndi 2023, amene anabwerako ku Joni atathamangitsidwa ndi zikwanje, amayi amene anataya mwana pobereka, ndi amene akumenyedwa m'nyumba zawo mpaka lero. Mu 2020 apolisi analengeza kuti chiwerengero cha anthu odzipha m'miyezi yoyambirira ya chakacho chinakwera ndi 57 pa 100 poyerekeza ndi 2019, ndipo ochuluka kwambiri anali amuna. Amunawo analeredwa monga tinaleredwera ife, akumva kuti mwamuna salira.

BALA LOSAONEKA

Allah anatilenga ndi belu la ngozi m'thupi. Ukakumana ndi njoka panjira, mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika kuti uthawe kapena ulimbane. Ngozi ikadutsa, belu limasiya kulira. Kwa anthu ambiri amene aona zoopsa, limasiya pakapita masiku kapena masabata, makamaka ngati abale ali pafupi. Koma kwa ena limapitirira kulira ngakhale ngozi inatha kalekale.

Zizindikiro zake zimabwera m'magulu atatu. Loyamba, chinthu chija chimabwerera chosaitanidwa, m'maloto kapena masana, ngati chikuchitika pompano. Lachiwiri, munthu amayamba kupewa chilichonse chomukumbutsa: msewu, malo, anthu, ngakhale nkhani yake. Lachitatu, amakhala tcheru nthawi zonse, kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kupsa mtima msanga, kusowa tulo. Izi zikapitirira mwezi n'kumasokoneza ntchito ndi banja, achipatala amazitcha PTSD. Palinso matenda a kukhumudwa, pamene kwa masabata 2 kapena kuposerapo munthu sakondwanso ndi chimene ankakonda, chakudya sichikoma, thupi limalemera, ndipo amadziona ngati mtolo kwa abale. Palinso nkhawa yosatha, ija imadzutsa munthu pakati pa usiku mtima ukugunda.

Ife sitinena mayina amenewa. Timati ndikuganiza kwambiri, mutu ukutentha, mtima ukuthamanga, BP yakwera. Munthu amapita kuchipatala katatu kukayezetsa malungo osapezeka nawo, n'kumangogula Panado pa golosale. Thupi likunena zimene pakamwa pakuopa kunena.

Chimatiopsa ndi liwu lakuti misala. Tikalimva timaona munthu wovula pa msika. Koma ambiri amene ndikunena pano ndi anthu amene akugulitsa tomato, akuphunzitsa ku madrasa, akuphika futari ya banja lonse. Akugwira ntchito zawo, koma ndi mtima wotopa, ndipo kutopako kumatayikira pa ana ndi pa mkazi kapena mwamuna. Bala la munthu wamkulu silikhala la yekha.

PHUNZIRO LA MAYI KHADIJA

Tikumbuke kuti Qur'an inayamba kutsika m'mwezi uno, kuphanga la Hira. Mtumiki Muhammad (SAW) anabwerera kunyumba akunjenjemera ndi kulemera kwa zimene anakumana nazo, napempha kuti amufunditse. Taonani zimene Mayi Khadija (RA) anachita. Anamufunditsa mpaka mantha atatsika. Anamumvetsera akufotokoza zonse. Anamukumbutsa makhalidwe ake abwino, kusunga ubale, kuthandiza ofooka ndi kulandira alendo. Kenako anamutengera kwa msuweni wawo Waraqa bin Nawfal, nkhalamba yodziwa mabuku akale, amene anali Mkhristu. Sindikunena kuti Mtumiki (SAW) ankadwala, ayi. Ndikunena kuti mayi wa okhulupirira anatisiyira ndondomeko yolandirira munthu amene wabwera akunjenjemera: mutonthoze, mumvere, mulimbikitse, ndipo mupite naye kwa wodziwa.

Mbiri yathu sibisa chisoni cha anthu olungama. Chaka chimene Mayi Khadija ndi Abu Talib anamwalira chimadziwika mpaka lero kuti Chaka cha Chisoni. Mtumiki (SAW) anagwetsa misozi pamene mwana wake Ibrahim ankamwalira. Mneneri Ya'qub (AS), amene timamutchula tikamaphunzitsa za kupirira kwabwino, analira Yusuf mpaka maso ake anayera. Mayi Maryam (AS), atagwidwa ndi ululu wa kubereka ali yekha, anafika polakalaka akanafa kale, ndipo sanadzudzulidwe. Anatonthozedwa, napatsidwa madzi ndi tende. Mayi Aisha (RA) ankalimbikitsa kuti odwala ndi ofedwa aziphikiridwa talbina, phala lofewa la balere, poti limapepuza mtima. Choncho kuyambira pachiyambi Asilamu ankadziwa kuti chisoni chimafuna chisamaliro chogwirika.

Sabr ndi kusanyoza chikonzero cha Allah ndi kusataya chiyembekezo mwa Iye. Munthu amene wadzuka m'mawa, wakwera njinga makilomita ambiri kukakhala pa mzere kuchipatala, n'kutsegula pakamwa kunena chinthu chimene wakhala akuchiopa kwa chaka, ameneyo akupanga sabr yeniyeni. Tonse tinaphunzira kuti Mtumiki (SAW) analamula kufuna mankhwala, ndiponso kuti ngamira imamangidwa kaye kenako n'kuyedzamira kwa Allah. Palibe pamene anapatulapo matenda a maganizo.

UPHUNGU NDI CHIYANI KWENIKWENI

Tikamva za uphungu timaganiza za ankhoswe kapena anankungwi, amene amalankhula iwe uli chete. Mphungu wophunzira amachita mosiyana. Iye amafunsa, amamvetsera, amasunga chinsinsi, ndipo amagwira ntchito ndi ndondomeko imene inayesedwa n'kuoneka kuti imathandiza. Nthawi zambiri mumakumana kamodzi pa sabata kwa masabata angapo, ndipo pakati pake amakupatsa zochita kunyumba.

Chitsanzo chapafupi chikuchokera ku Zimbabwe. Kumeneko Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare, cha m'ma 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, chomwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku. Njira yake ndi yosavuta kuimva. Munthu amatchula mavuto ake onse, amasankha limodzi loti ayambe nalo, amaganizira njira zingapo, amasankha imodzi yotheka sabata imeneyo, n'kudzabweranso kudzanena momwe zayendera. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Njira imeneyi yayesedwanso m'zipatala zina za mumzinda wa Lilongwe.

Kwa amene amati izi n'za azungu, tiyeni tipite ku Pakistan, dziko la Asilamu. M'midzi ya kufupi ndi Rawalpindi, Professor Atif Rahman ndi anzake anaphunzitsa amayi azaumoyo a m'midzi, ofanana ndi alangizi azaumoyo athuwa, kuthandiza amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene amene anali okhumudwa. Ankawaphunzitsa kuzindikira ganizo lowafooketsa, kuliyeza ngati lili loona, ndi kuikapo lina lothandiza. Zotsatira zinatuluka mu 2008: patatha miyezi 6, amayi 23 pa 100 ndiwo anali akadali odwala, poyerekeza ndi 53 pa 100 mwa amene sanalandire uphunguwo. Bungwe la WHO linatenga njirayi, yotchedwa Thinking Healthy, n'kuifalitsa ku maiko ena.

Ndipotu nzeru imeneyi ndi yakale pakati pathu. Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira m'chaka cha 934, analemba buku lotchedwa Masalih al-Abdan wa al-Anfus, lonena za kusamalira thupi ndi mzimu pamodzi. Anasiyanitsa chisoni chimene chili ndi chifukwa chodziwika, monga imfa kapena kutaya chuma, ndi china chimene chimangogwera munthu popanda chifukwa chooneka, chimene anati chimachokera m'thupi ndipo chimafuna mankhwala. Analangizanso kuti munthu azisunga maganizo abwino nthawi ya mtendere monga timasungira mankhwala m'nyumba, ndiponso kuti azifuna munthu wanzeru womulankhula, poti mawu ochokera kwa wina amalowa msanga kuposa odziuza wekha. Papita zaka zoposa 1,000 chilembere zimenezi.

Kwa wovulala ndi zoopsa, mphungu amayamba ndi kumuphunzitsa kutsitsa belu lija: kupuma pang'onopang'ono, kuzindikira kuti pano ali pabwino, kubwezeretsa nthawi yogona. Kenako, mwini wake akakonzeka, amamuthandiza kuiyandikira nkhani ija pang'onopang'ono m'malo otetezeka, mpaka ubongo utavomereza kuti chinthucho chinachitika ndipo chinatha. Kupewa kumapepuza lero koma kumakulitsa mantha mawa. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna wophunzira. Kukakamiza munthu kufotokoza zonse pa gulu tsiku lotsatira ngozi sikuchiza, kumatha kuwonjezera bala.

ZIFUKWA ZIMENE TIMAPEREKA

Ena amati ndi majini, ufiti kapena diso loipa. Ruqya yochokera m'Qur'an ndi Sunnah ndi yololedwa, ndipo palibe dokotala wanzeru amene angakuletseni. Koma tikamuwerengera wodwala malungo timapitanso naye kukayezetsa magazi. Tichite chimodzimodzi pano. Ndipo tichenjere ndi aliyense, kaya wavala mkanjo wotani, amene amalipiritsa mbuzi ndi ndalama zambiri, amamanga kapena kukwapula wodwala, amafuna kukhala yekha ndi mkazi m'chipinda, kapena amalamula kusiya mankhwala a kuchipatala.

Ena amati zipatala zambiri za kuno ndi za mishoni, ndipo aphungu ake si Asilamu. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete chakhala chikutumikira dera lino kuyambira 1959, ndipo ana athu ambiri anabadwira kumeneko. Sitinafunsepo chipembedzo cha namwino wotibaya jakisoni. Mphungu wabwino sasintha deen ya munthu. Muuzeni poyambirira kuti ndinu Msilamu, kuti Swala ndi Qur'an ndi mbali ya mphamvu zanu, ndipo adzazigwiritsa ntchito pokuthandizani. Mlongo ali ndi ufulu wopempha kuonana ndi mphungu wamkazi ngati alipo, kapena kulowa ndi womuperekeza amene wamusankha yekha.

Ena amaopa kuti nkhani idzamveka pa msika. Mantha amenewa ndi omveka, poti m'malo athu ang'onoang'onowa aliyense amadziwa mnzake. Wachipatala ali ndi lamulo lomumanga kusunga chinsinsi, kupatula pamene moyo wa munthu uli pa ngozi. Koma tinene zoona: nkhani zambiri zimatuluka ndi ife achibale, pa chitsime ndi pakhonde la mzikiti. Miseche imadya malipiro a swaumu. Amene wauzidwa bala la mnzake wasungitsidwa amana.

Ena amati uphungu sugula feteleza. N'zoona, ndipo sindikutsutsa. Munthu amene ali ndi njala amafuna chimanga choyamba. Koma bambo amene sanagone bwino kwa miyezi itatu sangathe kuwerengera geni yake, sangathe kukambirana ndi mwini ngongole, ndipo ndi amene amagulitsa fodya kwa mavenda pa mtengo wolira kuti angothana nazo. Kubwezeretsa tulo ndi maganizo ndi kubwezeretsa chida chimene munthu amalimbira nacho umphawi.

Chifukwa chomaliza ndi cholemera kuposa zonse: aphungu ndi madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'Malawi muno, ndipo ambiri ali m'matauni. Ichi ndi chifukwa choti tikakamire boma ndi aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, ndiponso choti tiphunzitse ana athu ntchitoyi. Si chifukwa choti tikhale pansi.

MANKHWALA NDI SWAUMU

Si aliyense amafuna mapiritsi. Ambiri amachira ndi uphungu ndi chisamaliro cha abale. Koma ena, makamaka amene kukhumudwa kwawazamira, amapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwala amenewa sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata angapo, ndipo amamwedwa kwa miyezi ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Cholakwa chimene chimachitika m'Ramadhan n'chakuti munthu amawasiya yekha kuti asale, matenda n'kubwerera Eid isanafike.

Musasiye mankhwala musanaonane ndi adokotala. Ambiri mwa mankhwalawa amamwedwa kamodzi pa tsiku, ndipo adokotala akhoza kukuuzani ngati n'kotheka kuwasunthira ku daku kapena ku futari. Akakuuzani kuti kusala kukuvulazani, kumbukirani kuti Sharia inapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masiku akachira, ndipo kwa amene matenda ake ndi okhalitsa pali fidya. Funsani a Shehe anu za mwatsatanetsatane. Kulandira chilolezo cha Allah si kufooka kwa imani.

Chenjezo lina ndi la mapiritsi ogonetsa monga diazepam, amene ena amagula mwamseri. WHO inalangiza mu 2013 kuti mankhwala a mtundu umenewu asaperekedwe pofuna kuthetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu ataona zoopsa. Amazoloweretsa thupi, ndipo bala limatsala pomwepo. Chimodzimodzi chamba ndi mowa, zimene ena mwa achinyamata ndi abambo athu amathawirako mobisa. Tisamangowatcha achimo n'kuwasiya. Tifunse chimene akuthawa.

KOYAMBIRA

Yambirani pafupi. Lankhulani ndi mlangizi wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanu, ku Kabudula kapena ku St Gabriel. Mukalowa, musangoti mutu ukuwawa. Nenani momveka: "Chichitikire chakuti, sindigona, ndimadzidzimuka, sindikutha kugwira ntchito, ndipo papita miyezi yakuti." Pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo ngati palibe, akuuzeni tsiku limene amabwera kapena akulembereni kalata yopita nayo m'tauni. Mumzinda wa Lilongwe muli a St John of God, amene anayambira ntchitoyi ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. Ambiri safika n'komwe kogonekedwa. Amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Zinthu ziwiri sizidikira kuti kuche. Choyamba, munthu akanena kuti watopa ndi moyo, akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo, kumamutsegulira khomo. Musamusiye yekha, chotsani ndi kutsekera mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Iye akudziwa kale kuti kudzipha ndi haramu. Chimene akusowa ndi munthu womugwira dzanja. Chachiwiri, wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo asaimbidwe mlandu ndi aliyense m'banja. Manyazi ndi a wolakwayo.

ZIMENE MIZIKITI NDI MABANJA ATHU ANGACHITE

Kwa a Shehe ndi ma Imam athu, ndikupempha mwaulemu: khutba imodzi ya Ijumaa m'mwezi uno ikhale ya nkhani imeneyi. Bambo amene sangamvere namwino adzamvera inu. Dziwaninso dzina la wachipatala wa m'dera lanu amene mungamutumizire anthu, poti ambiri amayamba kufika kwa inu.

Kwa makomiti a mizikiti: pakati pa oyenera kulandira Zakaat pali osauka, osowa ndi omangika ndi ngongole. Nthawi zambiri chimene chimalepheretsa munthu kumaliza uphungu ndi ndalama ya minibasi ya ulendo wachitatu ndi wachinayi. Patulani kathumba ka sadaka ka maulendo a kuchipatala, kosungidwa ndi anthu awiri odziwa kutseka pakamwa.

Kwa amayi a m'magulu a Dawah: pa maliro timadzaza nyumba masiku oyamba, kenako timabalalika. Chisoni chenicheni chimayamba anthu akachoka. Gawanani masabata oyendera wamasiye, mayi amene wapita padera ndi amene wangobereka kumene.

Kwa ophunzira athu: ngati bambo kapena mayi anu asintha, akukalipa popanda chifukwa kapena angokhala duu, si inu mwalakwitsa, ndipo si ntchito yanu kuwachiza. Uzani atsibweni, azakhali kapena a Ustadh amene mumawakhulupirira. Ndipo posankha maphunziro, ganizirani ntchito imeneyi. Ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Kamuzu University of Health Sciences amaphunzitsa za matenda a maganizo. Dera lino likufuna aphungu odziwa Chichewa cha kumudzi, odziwa kuti daku ndi chiyani, ndiponso odziwa chimene chimachitika m'nyumba fodya akabwezedwa ku okushoni.

Bambo wa okala uja anathandizidwa ndi mkazi wake, osati ine. Mayiyo anatopa kuona ana akuthawa bambo awo, ndiye anauza alamu ake, n'kupita naye kuchipatala pa njinga poti galimoto sakanakwera. Anaonana ndi namwino kangapo. Sabata yoyamba ntchito yake inali kungoima m'mbali mwa msewu mphindi zochepa akupuma monga anamuphunzitsira. Kenako kukhala mu minibasi yoima pa siteji. Kenako kukwera mpaka msika wotsatira, mng'ono wake ali pambali. Zinatenga miyezi. Mpaka lero sakhala mpando wakutsogolo, ndipo masiku ena maloto aja amabwera. Koma amakaoda yekha katundu m'tauni, ndipo mwana wake wamng'ono amakhala pamiyendo pake pa futari. Pa Tarawehe amabwerabe, kenako amapita kukagona. Nditamupepesa chifukwa cha yankho langa lija, anaseka n'kunena kuti, "Sabr munanena ija ndinaipanga, achimwene, koma ndinakaipangira kuchipatala."

Masiku khumi omaliza akubwera, ndipo tidzadzuka usiku kufunafuna Laylatul Qadr. Pa mzere umene mudzaimepo padzakhala wina amene wadzuka chifukwa tulo tinamuthawa kalekale. Mukatha Swala, khalani naye pang'ono. Mufunseni kuti, "Kodi mukugona bwanji masiku ano?" Akayamba kuyankha, musathamangire kumulangiza. Mumvereni mpaka amalize, kenako mumufunse tsiku limene mungapite naye kuchipatala.

Allah achize odwala athu, amene matenda awo akuoneka ndi amene sakuoneka. Atonthoze ofedwa, apepuze omangika ndi ngongole, abwezere ulemu kwa amene anachitiridwa nkhanza, ndipo alandire swaumu ndi Swala zathu. Ameen.